Ampu Pamiyendo, Mwana Pachifuwa

Bezi ya amuna anga ndi yaitali kuposa eni ake. Amailiza ataimirira, ataitsamiritsa paphewa ngati wodwala amene akupita naye kuchipatala. Ili ndi zingwe zinayi zonenepa ndi chimimba chamatabwa chopanda kanthu m'kati. Anaipeza kwa mdala wina amene kale ankaliza m'mahotela ku Lusaka, atakalamba n'kubwerera kwawo kuno ku Luangwa. Tsiku limene inafika pakhomo pathu, ana anaitsatira kuchokera kumsewu akukuwa kuti mwadiya, bwato la asodzi, wachoka m'madzi, wakwera kumtunda.

M'nyumba bezi imalira bwino payokha, imagunda mpaka m'chifuwa. Koma panja, paukwati, pali ng'oma ndi gitala ndi anthu ovina, mawu ake amamira, umangoona zala zikuyenda. N'chifukwa chake anagula ampu. Ndi kabokosi kakuda, kukula kwake ngati chigubu chaching'ono cha mafuta ophikira. Kutsogolo kuli sipika, pamwamba pali mabatani atatu ozungulitsa ndi mabowo awiri olowetsamo waya. Moto imatenga ku batire la njinga yamoto. Pa bezi, pansi pa kathabwa konyamula zingwe, anamatapo kachitsulo kozungulira, ndipo waya amachoka pamenepo kupita ku ampu.

Koma ziwirizi sizigwirizana zikayandikana. Ukaika ampu pansi pafupi ndi bezi, mawu otuluka mu sipika amalowanso m'chimimba chija n'kubwerera mu waya. Zikatero zimayamba kubuula zokha, huuu, ngati mvuu, kukulirakulira mpaka nyimbo yonse itaonongeka. Patebulo kapena pabenchi ndiye zimanyanya, chifukwa thabwa limanjenjemera nawo. Kuiika patali, waya ndi wamfupi, ndiponso wolizayo sadzimva. Manja ake onse awiri amakhala pazingwe, sangathamangire batani.

Nzeru inachokera kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene amaliza gitala ndi kutsogolera nyimbo. Tsiku lina akuyeserera pakhomo, ampu itawabuulira kachinayi, anandiitana ndili kutsuka mbale.

"Mulamu, siyani izo. Bwerani mukhale apa. Thupi la munthu silinjenjemera ngati thabwa."

Anandikhazika pampando n'kundiika ampu pamiyendo, sipika itayang'ana kutsogolo. Anandionetsa batani lapakati. Anati kubuula kukayamba ndizingolibweza pang'ono, kukatha ndizilibwezeretsa pamene linali. Analiza nyimbo yonse mpaka kumapeto.

"Mwaona, mng'ono wanga?" anatero alamu. "Ena amakwatira wophika chabe. Ife tapeza tebulo yokhala ndi manja."

Umu ndi mmene ndinalowera m'gulu. Poyamba ndinkachita manyazi kukhala kutsogolo kwa anthu, koma ndinaona kuti munthu wofukata bokosi palibe amene amamuyang'ana. Maso onse amakhala pa chibezi. Ntchitoyo ndinaidziwa. Kubuula ndinkakumva m'ntchafu kusanafike m'makutu mwa anthu, n'kukupha kusanabadwe. Amuna anga ankandiyang'ana cham'mbali n'kugwedeza mutu, ndipo ine ndinkakondwa.

Nditatenga pakati ndinapitiriza mpaka mimba inakankhira ampu kumaondo. Nditachira ndinapuma miyezi iwiri. Anayesa mkazi wa woliza ng'oma, koma ankachedwa kubweza batani chifukwa mtima wake unkakhala kovina. Ndiye ndinabwerera, mwana wanga wamkazi ali m'chitenge. Kumsana sindikanamubereka chifukwa mpando unali ndi chotsamira, komanso akafuna bere nyimbo sikanaima kuti ndimutembenuze. Ndinkamumangira kutsogolo, mutu wake uli pamkono wanga wamanzere, dzanja langa lamanja lili pabatani. Ampu pansi, mwana pamwamba pake. Ankayamwa n'kugona nyimbo ili m'kati. Azimayi ankati ndabereka mwana wofatsa, wa m'banja la oimba ndithu. Palibe ndi mmodzi yemwe ananena kuti si bwino. Inenso sindinaganizeko.

Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri tinaitanidwa kuukwati kudera la Mburuma. Tinakwera lole yopita kukatenga makala. Bezi inagona pamatiresi, amuna anga ataikumbatira njira yonse, padzenje lililonse akukuwira dalaivala kuti pang'onopang'ono. Mwana anali atangochira chimfine chimene chinamuvuta masabata awiri, mphuno ikadali yonyowa.

Tinayamba kuliza dzuwa lili paliwombo, pansi pa mtengo wa masau. Zonse zinkayenda bwino. Itakwana nthawi yopereka mphatso, wotsogolera mwambo, bambo wina wovala jekete m'kutentha konseko, anabwera ndi maikolofoni yake n'kulowetsa waya m'bowo lachiwiri la ampu, osandifunsa. Anawerama pamaso panga akuigogoda ndi chala.

"Yayaka iyi, amai?"

Powerama, maikolofoni inayang'anizana ndi sipika.

Chimene chinatuluka sichinali kubuula kuja ndinakuzolowera. Chinali chosongoka, tswiiii, ngati wina akukulowetsa singano m'mutu. Anthu anagwira makutu. Mbuzi zimene zinali kuseri kwa nkhokwe zinabalalika. Mkwatibwi, amene tsiku lonse sanakweze maso, anadumpha pampando. Ana onse amene anali kumsana kwa amayi awo anayamba kulira nthawi imodzi. Ine dzanja linasokonezeka, ndinazungulitsa batani kolakwika n'kuonjezera, kenaka ndinangozula waya.

Ndinaweramira pachifuwa kuti nditonthoze wanga. Anali maso. Sankayamwa, ankaseweretsa mkanda wa m'khosi mwanga. Sanaphethire n'komwe. Anandiyang'ana n'kumwetulira, malovu akutsika pachibwano.

Pafupi nane panakhala amai ena achikulire amene ankagawa thobwa. Ankaseka akupukuta limene linawatayikira pachitenge.

"Uyu ndiye wolimba mtima," anatero. "Anzake onse akulira, iye phee. Kapena samva?"

Ananena mwanthabwala. Kenaka anayang'ana ampu, anayang'ana mwana, kuseka n'kutha. Ananyamula ndowa yawo n'kupita mbali ina.

Nyimbo zinayambiranso, ndipo ine ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka. Bezi inkagunda m'ntchafu monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo kugunda kulikonse ndinkakutsatira, kuchoka m'bokosi, kukwera m'chitenge, kulowa m'kamutu kaja. Anatipatsa mpunga ndi nyama ya mbuzi, ndinanena kuti m'mimba simuli bwino.

Titabwerera kunyumba, m'mawa amuna anga atapita kumtsinje kukaona maukonde, ndinatseka chitseko. Ndinamukhazika mwana pamphasa, kumuchirikiza ndi pilo, n'kuzungulira kumbuyo kwake. Ndinamuitana dzina. Zii. Ndinaomba m'manja. Anatembenuka, mtima wanga n'kudumpha, kenaka ndinaona kuti chithunzithunzi changa chagwera pamphasa patsogolo pake. Ndinasuntha n'kuombanso. Zii. Ndinagwetsa chivundikiro cha poto. Anatembenuka, koma chivundikirocho chinali chitagubuduka mpaka kumukhudza phazi. Tsiku lonse linatha choncho, ndikudzinamiza, ndikudzitsutsa. Mawa lake chimodzimodzi.

Ndinayesa kukumbukira. Kodi analeka liti kutembenuka tambala akalira? Kodi ankatembenuka n'komwe? Ndinafufuza m'mutu mwanga miyezi yonse isanu ndi iwiri, sindinapezemo yankho, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chivundikiro chija.

Kuwauza amuna anga ndinalephera. Ndikanati mwana samva, funso lotsatira likanakhala lakuti wamugonthetsa ndani, ndipo amene ankamugoneka pamwamba pa ampu ndinali ine. Makolo anga ali kutali, kumidzi ya kumtunda. Pano onse ondizungulira ndi abale a mwamuna. Ndinkamva kale mmene azidzalankhulira kochapa: mkazi wokonda magule uja, anasinthanitsa makutu a mwana ndi nyimbo.

Loweruka lotsatira kunali phwando ku Boma, kutsanzikana ndi mphunzitsi wina amene ankasamutsidwa. Ndinayenera kukana. Ndinakonza mawu ndili kusesa, ndinawakonzanso ndili kutunga madzi, koma amuna anga atatulutsa bezi n'kundipatsa ampu kuti ndinyamule, ndinangoilandira. Ndinabwerera m'nyumba ngati ndaiwala kanthu. Munali thonje limene linatsala nthawi imene ndinachira. Ndinadulako tizidutswa tiwiri, kupota ndi zala, n'kumutseka mwana makutu onse. Kuti lisaoneke ndinamuveka chipewa cha ubweya. Inali nyengo yotentha ija, imene mchenga umaotcha ngakhale munthu wovala patapata.

Alamu anangoona chipewa n'kuyamba.

"Mulamu, mwana mukumuphika? Manje akapsa mutigawireko."

Ndinaseka nawo.

Kuphwandoko batani ndinaliika pansi kwenikweni. Mwana ndinamukweza kufika kukhosi, kutali ndi bokosi mmene ndikanathera, mpaka mkono unachita dzanzi. Amuna anga ankandiyang'ana, nsidze zitakwera. Pakati pa nyimbo anaweramira kwa ine.

"Amake mwana, kwezani! Sindidzimva!"

Ndinakweza pang'ono, iwo atayang'ana kwina ndinabwezanso. Bezi inamira tsiku lonse. Pobwerera alamu anati tebulo yayamba ulesi.

Titafika, dzuwa lisanalowe, ndinapita naye mwana kuseri kwa nyumba kuti ndichotse thonje. Lakumanzere linatuluka. Lakumanja linali litanyowa ndi thukuta n'kulowa m'kati. Ndinkaliona, koma zala sizinkafika. Ndinatenga kamtengo ka machesi. Mwana ankapukusa mutu, ndipo ndinaona kuti ndikungolikankhira kutali. Ndinataya kamtengoko. Ndinakhala pansi, mwana ali pamiyendo, osadziwa kuti ndilire kapena ndipemphere.

M'mawa mwake, Lamlungu, amuna anga anakhala naye panja akumuseweretsa, ine ndikusesa. Kuwala kunagwera m'khutu.

"Amake mwana, bwerani kuno. Choyera ichi n'chiyani?"

Ndinaima ndi tsache m'manja.

"Thonje."

"Thonje lalowa bwanji m'khutu mwa mwana?"

"Ndinaika ndine."

Anandiyang'ana, kudikira.

"Samva," ndinatero. Kanali koyamba kulitulutsa liwulo pakamwa, ndipo linatuluka laling'ono kwambiri moti anandifunsanso.

"Mwati chiyani?"

"Samva. Kuukwati kuja maikolofoni italira, ana onse analira. Iye sanadzidzimuke."

"Ana ena ndi olimba mtima."

"Yesani imwe."

Anandipatsa mwana n'kuima kumbuyo kwake. Anamuitana. Anaomba m'manja. Kenaka anaika zala ziwiri m'kamwa n'kuliza mluzu umene amaitanira anzawo ali pakati pa mtsinje. Galu wa kunyumba yachitatu anabwera akuthamanga. Mwana ankayang'ana nkhuku.

Analowa m'nyumba n'kutulutsa bezi, yopanda waya. Anamutenga mwana, kumutsamiritsa msana pachimimba chija, n'kukoka chingwe chonenepa. Mwana anatukula manja n'kuseka kikiki.

"Mwaona! Mwaona, amake mwana! Akumva uyu!"

Nkhope yawo inawala moti ndinalakalaka kungovomera. Koma ndinali nditadzinamiza kale sabata yonse.

"Ndi thabwa limene likumugwedeza," ndinatero. "Ndipatseni, mulizenso."

Ndinaima naye mapazi awiri kuchokera pa bezi, atafulatira. Analiza chingwe chonenepa. Analiza chowonda. Analiza zonse mwamphamvu mpaka zingwe zinamenya thabwa. Mwana ankakoka kolala ya diresi langa.

Anaigoneka bezi pansi, pamchenga, chinthu chimene sanachitepo.

"Mwadziwa liti?"

"Tsiku la ukwati."

"N'kukhalanso naye pa ampu dzulo?"

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangokhala pakhonde atagwira mutu, ndipo kutchalitchi sitinapite.

Lolemba tinalawirira kukiliniki, ine pakaliya ya njinga, mwana kumsana. Pamzere panali azimayi ambiri a sikelo. Ena ankandidziwa, ankandifunsa kuti gulu lidzaliza kuti sabata ino. Ndinkayankha ndi mutu. Ndinaganiza zonena kuti thonje anaika ndi ana osewera naye. Ndinalikonza bodzalo bwinobwino, mpaka dzina langa linaitanidwa.

Asisita anali mayi wonenepa wa magalasi. Anaunika ndi katochi, natenga kachitsulo kopanira, ine nditamugwira mwana mutu. Thonje linatuluka lakuda. Analiika pambale n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amai, khutu la mwana si pilo. Anaika ndani?"

Bodza lija linathawa.

"Ndine."

"Chifukwa?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi. Za bezi, za kubuula, za ampu pamiyendo, za maikolofoni, za mluzu wa atate ake. Ndinkadikira kuti akuwe kuti azimayi onse pamzere amve. Iwo anayang'ana kukhomo kumene amuna anga anaima, kapusi ili m'manja.

"Atate, lowani, musaime apo ngati mlonda. Ndimwe a chibezi chija?"

"Ndine."

"Munaliza paukwati wa mng'ono wanga. Ndinavina mpaka nsapato kuduka." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Mwana uyu ndinamuona pachifuwa tsiku lija. Ndinati, koma kamwana kofatsa. Bweretsani kuno tione."

Anaunika khutu lakumanzere nthawi yaitali. Anafunsa ngati anadwalapo chimfine posachedwa, ndinavomera. Anati m'kati ndi mofiira, motupa, chimfine chija chinalowa m'khutu n'kusiyamo madzi, ndipo khutu lotero limamva ngati munthu ali pansi pa mtsinje. Kenaka anaunika lakumanja, limene munali thonje.

"Ili ndi loyera bwino."

Ndinapuma. Ndinayesa ndi nkhani yabwino. Koma nkhope yawo sinasinthe.

"Ndiye chifukwa chake sindikukondwa nalo. Lakumanzere ndikuona chimene chalitseka. Ili sindikuona kanthu, koma mukuti mluzu sanaumve. Likanakhala lamoyo, bwenzi atatembenuka."

Anatipatsa mankhwala akumwa, nati tibwerenso pakatha masabata awiri. Anati mwana asayandikirenso sipika ina iliyonse, ngakhale ya kutchalitchi.

Panjira ndili pakaliya ndinayamba kuganiza mmene ndinkamugonekera. Mutu pamkono wamanzere, nkhope kwa ine. Ndinayerekeza ndi manja anga, mwana ali kumsana, njinga ikuyenda. Khutu lakumanzere linkakhala pamwamba. Lakumanja linkakhala pansi, chikhatho chimodzi kuchokera pabokosi. Miyezi isanu, Loweruka lililonse limene tinaitanidwa. Ndinagwira malaya a amuna anga kuti ndisagwe. Anafunsa ngati ndili bwino, ndinati ndi dzuwa. Za khutu lapansi sindinawauze.

Lachinayi alamu anabwera ndi gitala kudzayeserera, chifukwa kunali ukwati wina Loweruka. Anali atamva kuti tinapita kukiliniki, koma anayesa ndi chimfine chomwe chija. Anakoka mpando wanga n'kuupukuta ndi dzanja.

"Tebulo yathu, tiyeni."

"Sindikhalanso," ndinatero.

"Mwanyanyala? Mng'ono wanga, mwawalakwira chiyani alamu anga? Agulireni chitenge."

"Sindikhalanso, alamu. Ngakhale mwana ali ndi wina. Sindiigwiranso."

Sindinayankhulepo nawo choncho. Anayang'ana mng'ono wawo, ndipo amuna anga anawatengera kuseri kwa nyumba. Atabwerako, alamu sanandiyang'ane m'maso. Ananyamula ampu okha n'kumazungulira nayo pabwalo, kufuna poiika. Anayesa pa tayala lakale, inabuula. Anayesa pa ukonde wopindapinda, inapendekeka n'kugwa. Kenaka woliza ng'oma anakoka thumba la gaga wa nkhuku limene linali pakhonde, kuliphwanyaphwanya ndi chibakera kuti pakhale dzenje, n'kukhazikamo ampu, sipika itafulatira bezi pang'ono.

Ine ndinali patali ndi mwana, pansi pa mtengo wa mango kwa aneba. Ndinamva nyimbo ikuyamba. Ndinkadikira kubuula, ntchafu zanga zinkakudikira zokha. Nyimbo inafika pakati, inafika kumapeto. Analiza yachiwiri. Inabuula kamodzi kokha, pang'ono, amuna anga n'kuisuntha ndi phazi.

Thumba la gaga. Linali pakhonde pomwepo masiku onsewo, nkhuku zikulijompha. Ndinalira pansi pa mango paja mpaka mkazi wa aneba anatuluka kudzandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Masabata awiri aja ndinkamupatsa mankhwala pa nthawi yake, ndikuyang'ana dzuwa ndi foni ya amuna anga kuti ndisaphonye. Kumuyesa ndinaleka. Ndinkaopa yankho. Nyumba inakhala chete, chifukwa bezi anaisamutsira kwa alamu. Nthawi zina ndinkapeza amuna anga ataima kumbuyo kwa mwana, milomo itakonzeka kuliza mluzu, n'kusiya.

Tsiku lakhumi ndinapita kukachapa pafupi ndi pamene maboti opita ku Zumbo amanyamukira. Mwana ndinamukhazika pachitenge pamthunzi, atafulatira madzi. Boti lina linali litadzaza matumba ndi anthu. Mwini wake anakoka chingwe cha injini kamodzi, kawiri, kachitatu n'kulira. Mwana anadzidzimuka. Anatukula mutu, maso ali tong'o, n'kuyamba kufunafuna. Anayang'ana kumtunda, kumabango, kumene kunalibe kanthu, boti lili kumbuyo kwake. Kenaka anapinda mlomo n'kulira.

Ndinasiya malaya a amuna anga akupita ndi madzi. Mayi wina ndiye anawavuula ndi ndodo. Ndinamunyamula mwana wanga akulira ndi mantha, ine ndikuseka ndi kulira pamodzi, azimayi akundiyang'ana ngati ndapenga.

Titabwerera kukiliniki, asisita anandiuza kuti ndimukhazike pamiyendo atayang'ana kwa atate ake. Iwo anaima kumbuyo ndi kachitini ka mapilitsi. Anagwedeza kumanzere, mwana anatembenuka msanga. Anatseka khutu lakumanzere ndi chala n'kugwedeza kumanja. Anagwedezanso pafupi. Anagwedeza kachitatu, mwamphamvu. Mwana ankayang'ana kapusi ya atate ake.

Anatilembera kalata yopita nayo ku Lusaka, kuchipatala chachikulu kumene kuli makina oyezera makutu. Inali m'Chingerezi, sindinathe kuiwerenga. Ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuisunga m'bulauzi mpaka tsiku la ulendo.

Ku Lusaka anadikira kuti mwana agone, n'kumumata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu. Adokotala anali wachinyamata, ankayang'ana mizere pakompyuta. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo, chifukwa mizereyo sindinkaidziwa. Atamaliza anatembenuza mpando.

"Lakumanzere lili bwino. Adzalankhula, adzapita kusukulu. Lakumanja silimva, ndipo mankhwala ake palibe."

Amuna anga anathokoza n'kuyamba kuimirira. Ine ndinakhalabe. Ndinadziwa kuti ndikatuluka pakhomo paja osafunsa, sindidzafunsanso munthu wina.

"Adokotala, lakumanja ndilo linkakhala pansi."

"Pansi pa chiyani, amai?"

Ndinawaonetsa ndi manja mmene ndinkakhalira, ampu apa, mutu wa mwana apa. Amuna anga anakhalanso pampando pang'onopang'ono. Kanali koyamba kumva zimenezi.

Adokotala anakanda kumutu.

"Ana ena amabadwa tero, khutu limodzi losamva, makolo n'kudzazindikira mochedwa. Ena ndi matenda. Phokoso nalonso limaononga. Koma kuti ndikuuzeni kuti ndi ichi kapena ichi, ndinganame. Palibe makina oonetsa zimenezo."

"Ndiye mwina ndine?"

"Mwina, mwinanso ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti latsala limodzi. Lisungeni."

M'basi pobwerera tinayamba kutsika mapiri. Mwana anagona pamiyendo pa atate ake. Iwo ankayang'ana pawindo pamene anayankhula.

"Ampu ndinagula ndine. Pamiyendo panu anaika ndi akulu anga, ine n'kumakondwa. Amene ankati kwezani ndine. Musamasenze nokha."

Ndinagwedeza mutu. Mawuwo ndinawalandira, ndipo amandithandiza masiku ena. Masiku ena sandithandiza.

Tsopano ali ndi zaka zitatu. Amalankhula kuposa ine, amatsutsana ndi atate ake aakulu mpaka iwo kugonja. Gulu likadaliza m'maukwati, koma ine ndi iye sitipitako. Munthu akamuitana ali kumanja kwake, amazungulira thupi lonse kufuna kumene mawu achokera, ndipo anzake amayesa ndi masewera. Akangoyetsemula kawiri ndimathamanga naye kukiliniki kuti amuunike khutu lakumanzere. Asisita amandiseka, koma amaunika. Ku Boma, pamsewu, ndimayenda kumanja kwake, pakati pa iye ndi njinga zamoto.

Chimene sindinachizolowere ndi tulo take tamasana. Amakonda kugonera kumanzere, khutu lamoyo litakanikizika pamphasa. Ndimamuitana kuti adzuke adye, osagwedezeka. Ndimaitananso mokweza. Ndimadziwa chifukwa chake, ndikudziwa bwino lomwe. Komabe ndimasiya chimene ndagwira, n'kuyenda mapazi ochepa aja mpaka nditamugwira paphewa, iye n'kutsegula maso n'kundifunsa kuti ndikufuna chiyani.